Bokosi la mu Sienta lomwe linkadya masipika

Galimotoyo inabwera pa shedi yathu Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa litaswa kale mtengo. Inali Toyota Sienta, mipando ya kumbuyo kwenikweni itapindidwa, ndipo m'buti munali bokosi lokutidwa ndi kapeti wakuda, sipika ya mainchesi 12 ili pakati, paipi ya PVC itasuzumira pambali pake. Mwini wake ndi mnyamata woyendetsa hayala mu Lilongwe, amene Loweruka zina amanyamulanso aperekezi a ukwati. Dandaulo lake linali lalifupi.

"Amisiri, masipika a masiku ano ndi feki. Iyi ndi yachiwiri chaka chomwechino. Mundipezere yolimba basi."

Ndinaika zala zinayi mozungulira pakati pa koni, chija chimatuluka n'kulowa sipika ikamalira, n'kukankha pang'onopang'ono. Inakhula, kwee, kwee. Nditaimasula n'kuidula, ndinayamba ndanunkhiza, poti sipika yofa ndi kutentha siibisa: koyilo, waya wokulungidwa uja umayendetsa koni, imada bii, ndipo fungo la vanishi wopserera limakhala m'manja tsiku lonse. Iyi inalibe fungo. Waya wa koyilo unali wofiirira ngati watsopano. Koma mlomo wa pansi wa koyiloyo unali wopindika mozungulira monse, pomwe unkamenya chitsulo cha kumaginito, ndipo sipaida, kansalu kachikasu kamizere kaja kamagwira koni, inali itang'ambika pafupi ndi guluu. Sipikayi inafa chifukwa choyenda ulendo wautali kuposa msinkhu wake. Ndinamuuza mwini wake kuti ndikangomangapo yachitatu m'bokosi lomweli, Khirisimasi isanakwane abweranso ndi nkhani yomweyi. Anavomera kundisiyira galimoto masiku awiri m'kati mwa sabata, ndipo bokosi lakale linatsala pomwepo.

Bokosilo linapangidwa ndi kalipentala wa mipando, ndipo kunena zoona, ntchito ya manja inali yaukhondo. Makona anali olunjika, kapeti womata bwino. Nditafunsa za paipiyo, mnyamatayo anati kalipentala anamuuza kuti ndi bowo loti sipika izipumira isamatenthe. Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, ndipo ndiwo gwero la imfa ya masipika ambiri amene amafika patebulo langa. Munthu akakhulupirira kuti bowolo ndi lopumira, aliyense angaboole paliponse, kukula kulikonse, ndi chidutswa cha paipi chimene chatsala kwa pulambala.

Tengani botolo lopanda kanthu muuzire pakamwa pake. Limalira liwu limodzi lokha. Thiranimo madzi, liwu likwera. Tengani botolo la khosi lalitali, liwu litsika. Mpweya wa m'khosi umakhala ngati katundu, mpweya wa m'mimba mwa botolo ngati sipuling'i, ndipo ziwirizi zili ndi liwiro lawolawo limene zimakonda kuvinira. Mjeremani Hermann von Helmholtz ndiye analongosola zimenezi m'zaka za m'ma 1800, ndipo Albert Thuras wa ku Bell Laboratories anapatsidwa umwini wa bokosi la sipika logwiritsa ntchito nzeruyi mu 1932. Bokosi la bowo ndi botolo lomwelo. Liwu limene limakonda timalitcha Fb, ndipo timaliyeza mu Hz, kutanthauza kuti mpweya ukugwedezeka kangati pa sekondi imodzi. Nyimbo ikafika pa liwu limenelo, koni imangotsala pang'ono kuima, ntchito yonse n'kumagwira mpweya wa m'bowo. Ndiwo ubwino wake: besi yambiri, sipika ili phee. Koma nyimbo ikatsika pansi pa Fb, mpweya wa m'bokosi umasiya kuikankha koni kumbuyo. Umangotuluka n'kulowa pabowo, sipika n'kukhala ngati yapachikidwa pamtengo popanda bokosi. Mawu amatha msanga, ndi 24 dB (muyeso wa kukula kwa mawu) pa okitevu iliyonse, kutanthauza nthawi iliyonse ma Hz akatsika ndi theka, pomwe bokosi lotseka limataya 12 dB yokha, koma koni imakupiza mwamphamvu kuposa kale. Khutu silimva kanthu, dzanja limawonjezera voliyumu, sipaida n'kung'ambika.

Ndinapima m'kati mwa bokosi lakalelo. Nditachotsera malo a sipika ndi paipi, mpweya unatsala malita 38. Paipi inali ya masentimita 7.5 m'mimba mwake, yotalika masentimita 10. Masamu anandipatsa Fb ya 47 Hz. Pofuna kuti mwini wake adzionere yekha, ndinamangamo sipika yatsopano, poti Fb sidalira sipika, imadalira bokosi ndi bowo basi. Ndinaligoneka chagada, n'kuwaza timbewu ta mpunga pa koni, n'kulumikiza foni imene ili ndi pulogalamu yotulutsa liwu limodzilimodzi. Pa 60 Hz mpunga unkadumpha. Pa 52 unayamba kufooka. Pa 47 unangonjenjemera pamalo amodzi, pomwe pakamwa pa paipi panali mphepo yoti nkuzimitsa machesi. Nditatsitsa kufika pa 35, mpunga wonse unathawira pansi, koni ikuoneka ndi maso kuti ikupita kutali, chonsecho voliyumu ndinali ndisanaikhudze. Mnyamatayo anangogwira pakamwa.

Chingwe chotsikitsitsa cha gitala ya besi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz, cha ya zingwe zisanu pa 31 Hz, ndipo nyimbo zopangidwa pakompyuta, amapiano ndi hip hop, zimatsika m'dera lomweli popanda chozitchinga. Ndiye kuti mbali yaikulu ya besi imene mnyamatayu ankaimvera inkagwera pansi pa Fb ya bokosi lake. Pa ampu, makina opatsa sipika mphamvu, subsonic filter, fyuluta yotchinga mawu otsikitsitsa kuti asafike ku sipika, inali yotsitsidwa mpaka pansi, ngati kulibe. Bass boost, imene pa ampu yakeyo imakweza 45 Hz, inali pa 12 dB, ndipo 12 dB ndiye kupempha mphamvu yochuluka pafupifupi ka 16. Kenako ndinaika kabokosi kanga kotseka m'buti, maikolofoni pamutu pa mpando wa dalaivala, kuti ndione galimoto payokha imakonda chiyani. Galimoto iliyonse imayamba kuwonjezera besi yokha penapake pansi pa 70 kapena 80 Hz, chifukwa chipinda chake n'chaching'ono poyerekeza ndi kutalika kwa mafunde a mawuwo. Sienta iyi inali ndi linunda lake pa 48 Hz. Bokosi pa 47, ampu pa 45, galimoto pa 48: zonse zitatu zinaunjikana pamalo amodzi. Nyimbo iliyonse inkalira liwu limodzi, buu, buu, ngakhale woimba besi akuyenda m'zingwe zonse.

Kupima sipika yatsopano

Pa katoni ya sipika yatsopano panalembedwa mawati masauzande angapo m'zilembo zikuluzikulu, ndipo manambala amenewo sindiwawerengera. Chimene ndimafuna ndi mphamvu ya RMS, ija sipika ingapirire mosalekeza, imene pa iyi inali mawati 500, ndi manambala a Thiele ndi Small. A. N. Thiele wa ku Australia anasindikiza masamu a mabokosi a bowo mu 1961, Richard Small n'kudzawafutukula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kuchokera pamenepo bokosi limayamba papepala, macheka amabwera pambuyo. Kapepala ka m'katoni kanalibe manambalawa, choncho ndinapima ndekha.

Ndinayamba ndaipachika sipikayo m'malere n'kuiliza 20 Hz pa voliyumu yochepa usiku wonse, kuti labala ndi sipaida zifewe, poti yatsopano imakhala youma ndipo imanamiza. M'mawa ndinailumikiza ku laputopu kudzera pa resistor, ndi pulogalamu yaulere ya REW. Fs, liwu limene sipika imavinira yokha ili panja pa bokosi, inali 31 Hz. Ndinamata phula lolemera magalamu 100 mozungulira pakati pa koni, n'kupimanso: Fs inatsika kufika pa 25 Hz. Kuchokera pa miyeso iwiriyi pulogalamu inawerengera zotsalazo. Qts ndi Qes, manambala osonyeza mmene koni imalekera kuvina ikagwedezeka, zinali 0.42 ndi 0.46, ndipo Vas, yosonyeza kufewa kwa sipika, inali malita 48. Xmax, mtunda umene koni ingayende mbali imodzi koyilo isanachoke m'mphamvu ya maginito, ndinaipima ndi kalipa pa sipika yakufa ija, poti inali ya mtundu womwewo: mamilimita 12. Fs mukaigawa ndi Qes mumapeza 67, nambala imene ili pakati pa 50 ndi 100, kusonyeza kuti sipikayi ingakhale m'bokosi lotseka kapena la bowo.

Apa ndinakhala pansi ndi mwini galimoto, chifukwa chisankho chotsatira chinali chake. Ndinamuuza mosabisa kuti bokosi lotchunidwa pansi silidzagunda pachifuwa ngati lakale pa liwu limodzi lija la 47 Hz, ndipo anzake a pa siteji akhoza kunena kuti galimoto yafooka. Chimene adzapeze ndi besi yotsika, yomveka liwu ndi liwu, ndi sipika yokhalitsa.

"Achimwene, mumakhalamo maola angati patsiku m'galimotomu?"

"Khumi, mwina kuposa."

"Nanga a pa siteji amakhalamo angati?"

Anaseka, n'kunena kuti ndipange momwe ndikuonera. Ine ndimaona kuti kwa munthu womvera nyimbo tsiku lonse, bokosi la sipika ya mainchesi 12 liyenera kutchunidwa pakati pa 32 ndi 36 Hz. Amene amatchuna pa 45 kupita m'mwamba ndi a mpikisano wa phokoso, ndipo iwo amadziwa kuti bokosi lawo ndi la liwu limodzi, saliliza nyimbo wamba.

Mu WinISD, pulogalamu yoyerekezera mabokosi pakompyuta, ndinayesa kukula kosiyanasiyana, ndipo ndinakhazikika pa malita 50 ndi Fb ya 34 Hz. Pa mawati 500, koni inkayenda mamilimita 8 kapena 9 m'dera la 50 Hz, bwino lomwe. Pansi pa 29 Hz inkadutsa malire a mamilimita 12, ndipo pa 24 Hz inkayandikira 20. Manambala omwewo nditawaika m'bokosi lakale, malire ankadutsidwa kuyambira pa 35 Hz, boost isanakhudzidwe n'komwe.

Bowo

Pamene pamavuta anthu ambiri ndi kukula kwa bowo. Bowo laling'ono limafuna paipi yaifupi, ndiye limakopa, koma mpweya umathamanga kwambiri m'menemo mpaka kuyamba kufwenthera, fuu, fuu, kumamveka pamwamba pa nyimbo. Choipa kuposa phokosolo n'chakuti mpweya ukapiringizika choncho, bowo limayamba kutsamwa, ndipo koni imataya chitetezo chake pa nthawi imene ikuchifuna kwambiri. A zoimbira za m'nyumba amayesetsa kusadutsa mamita 17 pa sekondi. M'galimoto, pomwe bokosi lili kumbuyo kwa mipando, ine ndimalola mpaka 25. Paipi yakale ija inkadutsa mamita 50 pa sekondi.

Ndinasankha bowo la thabwa, lopyapyala, loima m'mbali mwa khoma: masentimita 33 m'litali mwa bokosi ndi 4.5 m'lifupi, malo okwana pafupifupi masikweya sentimita 150. Mphepo inatsika kufika pa mamita 22 pa sekondi. Mtengo wake ndi kutalika. Kuti malita 50 alire pa 34 Hz ndi bowo lotere, mpweya wa m'bowo uyenera kutalika masentimita 78. Koma mpweya suthera pomwe thabwa lathera, umapitirira pang'ono kunja ndi m'kati, choncho timachotsera pafupifupi masentimita 10, n'kutsala 68. Bowo lotalika choncho sililowa mowongoka. Linayenda kuchokera kumaso mpaka kukhoma la kumbuyo, n'kukhota, n'kutsata khomalo, ndipo kutalika kwake timapima pamzere wa pakati, osati m'mbali. Pokhotapo ndinaika kathabwa kopendeka kuti mpata ukhalebe masentimita 4.5, ndipo milomo yonse iwiri ndinaizungulitsa ndi rauta n'kuipala ndi sandipepa. Bowo lalitali lili ndi kulira kwakekwake ngati chitoliro, ndipo la masentimita 68 limalira cha pa 250 Hz, kutali ndi 80 Hz pomwe ndimadulira sabu, sipika ya besiyi.

Cholakwa china chofala n'kuiwala kuti bowo si mbali ya malita 50 aja. Mpweya wa m'bowo unadya malita 10, matabwa ake malita 4, maginito ndi fulemu ya sipika malita 3, mtanda wolimbitsa lita imodzi. Bokosi lonse m'kati linayenera kukhala malita 68, ndipo ndinadula kuti likhale masentimita 66 ndi 33 ndi 31.5. Thabwa ndi MDF ya mamilimita 18, kumaso kuwiri kophatikiza. Block board sindiifuna pa ntchitoyi, imakhala ndi mphako m'kati ndipo imalira yokha. Polumikiza paliponse guluu wa matabwa ndi masikuluwu oboolera kale, m'makona silikoni, ndipo silikoniyo ndinaisiya iume tsiku lathunthu sipika isanalowe, chifukwa nthunzi yake yowawasa imawononga guluu ndi labala za masipika ena.

Thabwa la pamwamba sindinalimate. Ndinaliika pa kalamba ka siponji n'kulimanga ndi masikuluwu okha, ndipo chidutswa chomaliza cha bowo nachonso chinali cha masikuluwu. Ndimatero nthawi zonse ndi bowo lotsata khoma, chifukwa makoma a bokosi amalitalikitsa kuposa momwe masamu wamba amanenera, ndipo kudula thabwa n'kosavuta kusiyana ndi kuliwonjezera.

Ndi mmene zinakhaliradi. REW inajambula mapiri awiri a impedance, mmene sipika imakanira magetsi pa liwu lililonse, ndipo chigwa cha pakati pake, chimene chimasonyeza Fb, chinali pa 32 Hz m'malo mwa 34. Mpunga unavomereza. Ndinadula masentimita 6, Fb n'kukwera osakwana 1 Hz. Imakwera pang'ono choncho chifukwa malo amene mwachotsa ku bowo amabwerera ku bokosi, bokosi n'kukula, Fb n'kukokedwanso pansi. Ndinadulanso 6. Chigwa chinakhala pakati pa 33 ndi 34 Hz, bowo lili masentimita 56, mpweya wa m'bokosi uli pafupifupi malita 52. Ndinalekera pomwepo. Kuthamangitsa theka la Hz n'kutaya nthawi, poti galimoto ikaima padzuwa la Okutobala m'kati n'kufika madigiri 40, liwiro la mawu limakwera kuchoka pa mamita 344 kufika pa 355 pa sekondi, ndipo Fb imasuntha yokha ndi 1 Hz. Ndinamata chivundikiro, n'kuliza 20 Hz pang'ono, ndikuyendetsa kanthenga ka nkhuku m'mizere yonse yolumikiza. Kanagwedezeka pa kabokosi ka mawaya pokha. Ndinakachotsa, n'kuikapo mabawuti awiri odutsa m'thabwa.

Za magetsi sizinatenge nthawi. Makoyilo awiri a maohm 4 ndinawalumikiza mogundana (parallel) kuti akhale maohm 2, pomwe ampu imapereka mawati 500. Waya wa ku batire unali wonenepa pulasitiki yokha, m'kati muli aluminiyamu wopaka mkuwa, ndipo ndinaikapo wa mkuwa weniweni wa 4 gauge, fyuzi ya maampu 60 pafupi ndi batire, ethi pachitsulo chopalidwa penti. Gain, kabatani kogwirizanitsa ampu ndi mphamvu yochokera ku wailesi, ndinaiika ndi mita, sipika itachotsedwa, wailesi ili pa magawo atatu a anayi, liwu la 50 Hz likulira, mpaka mita inawerenga mavoti 31.6, amene ndiwo mawati 500 pa maohm 2. Boost pa ziro. Low pass, fyuluta yotchinga mawu okwera, pa 80 Hz.

Subsonic filter ndiyo ndinaisamalira kwambiri, pakuti moyo wa sipikayi uli pamenepo, ndipo manambala olembedwa mozungulira kabatani kake sakhala olondola kawirikawiri. Ndinatsitsa voliyumu mpaka 50 Hz ikuwerenga mavoti 10, n'kusintha liwu kupita pa 28 Hz, n'kumakweza kabataniko pang'onopang'ono mpaka mita inatsika kufika pa mavoti 7. Pamenepo ndiye kuti fyuluta ikudula pa 28 Hz penipeni. Kabataniko kanali kataloza pafupi ndi pomwe palembedwa 35. Ndikanatsata zolembazo, sipika ikanakhalabe pangozi. Ndinadontheza penti ya m'zikhadabo pa mabatani onse kuti wina akadzagwira ndidzadziwe.

M'galimoto ndinayesa bokosi litayang'ana kutsogolo, m'mwamba ndi kumbuyo. Kumbuyo kunapambana, sipika ndi bowo zili masentimita 10 kuchokera pachitseko cha buti. Nditalisendeza kufupi kuposa apo, bowo linayamba kubanika ndipo Fb inatsika. Linunda la galimoto la pa 48 Hz linalipobe, koma tsopano linali lokha, ndipo mzere wa pa laputopu unayenda mosadumpha kwambiri kuchoka pa 70 mpaka pa 30 Hz. Besi itayamba kutsika, zinthu zimene kale zinali chete zinadzuka: nambala puleti, chipulasitiki cha m'kati mwa chitseko cha buti, ndi jeke. Siponji yomata ndi nsanza yokulunga jeke zinathetsa zimenezo. Bokosi lonse ndi sipika yake likulemera pafupifupi makilogalamu 30, ndipo galimotoyi imanyamula anthu, choncho ndinalimanga ndi mabulaketi achitsulo pansi. Katundu wotere akakhala womasuka, tsiku la ngozi amadutsa pamwamba pa mipando. Pansi pake ndinapaka penti ya mafuta n'kuikapo timiyendo ta labala, poti MDF ikamwa madzi imafufuma ngati buledi.

Mwini wake atabwera, anaika nyimbo ya kwaya imene amati amaidziwa kuyambira ali mwana. Anakhala chete mpaka pakati, kenako anati sankadziwa kuti woimba besi m'nyimboyo amayenda choncho, iye ankayesa amangomenya chingwe chimodzi. Pa amapiano anavomereza kuti kunja sikukumveka patali ngati kale, ndipo nkhope yake inasonyeza kuti zamukhudza pang'ono.

Anabweranso mu Januwale, mvula ili pakati. M'buti munalowa madzi kudzera pa labala ya chitseko, kapeti wa galimoto ananyowa, koma bokosi linali louma pa timiyendo take. Penti ya pa gain ndi pa subsonic inali yosasweka. Ya pa boost inali itasweka, ndipo anaulula kuti mnzake wina anaikweza tsiku la ukwati, iye n'kuibweza madzulo ake. Ndinakankha koni ndi zala zinayi, inayenda mosalala popanda kukhula. Chimene chatsala ndi magetsi a kutsogolo, amene amaphethira pang'ono besi ikagunda injini ili pa aidulo. Batire yake ndi yaing'ono ndipo yakalamba, ndipo tagwirizana kuti akadzagula ina tidzasinthenso waya wa ethi wochoka ku batire kupita ku bodi.